Tikamalira petulo wa K690, tiwerengenso malita ndi madola

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani imene ili pakamwa pa aliyense masiku ano, m'minibasi, pometetsa tsitsi, ngakhale pa siwa: yoti kale petulo anali wotchipa ndipo moyo unkapiririka. Amene akudandaulawo sakunama. Mu Meyi 2020 lita imodzi ya petulo inali K690.50, ya dizilo K664.80. Munthu akapereka K5,000 ankamuthirira malita oposa 7, muvi wa pa dashibodi n'kudzuka iye akuona. Pa mtengo umene unalengezedwa mu Okutobala 2025, wa K3,499, K5,000 yomweyo sikwanitsa ngakhale lita ndi theka. Ulendo wa makilomita pafupifupi 310 wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, pa kagalimoto kakang'ono koyenda makilomita 14 pa lita, umadya malita 22. Malita amenewo anali pafupifupi K15,200 mu 2020, anafika K55,700 kumapeto kwa 2023, kenako K77,000 mu Okutobala 2025. Zimenezi zimawawa, ndipo zikutiwawa tonse.

Chotidetsa nkhawa n'chakuti madandaulo athu akuthera pa nambala yolembedwa pa mpope. Tikamangolira nambalayo, timakhala tikupempha kuti aigwire isasunthe, ndipo nthawi zonse zimene yagwiridwa motero, mipope yauma.

Tiyambe ndi petulo wa K690 uja. Anatchipa chifukwa cha Covid-19. Ndege zinaima, mafakitale a m'maiko olemera anatseka, mafuta osayenga anasowa owagula moti pa 20 Epulo 2020 mtengo wake pa msika wina wa ku America unatsika kupyola ziro, ogulitsa n'kumalipira munthu woti awachotsere katunduyo. Nthawi imeneyo dola imodzi inkagulidwa pafupifupi K740, kutanthauza kuti lita yathu sinkafika n'komwe dola imodzi. Unali mwayi wobwera ndi mliri, ndipo unapita ndi mliriwo. Mu Febuluwale 2022 Russia italowa nkhondo ku Ukraine, mgolo umodzi wa malita 159 unadutsa madola 120. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo pofika Juni petulo anali K1,999. Anadzatsikako kufika K1,746, koma mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700, petulo anakwera kufika K2,530, dizilo K2,734.

Tsopano onani izi. Mu Meyi 2012, boma la mayi Joyce Banda litachotsa kwacha pa K168 n'kuiika pa K250 pa dola, petulo anachoka pa K380 kufika K490. Mukagawa K490 ndi 250 mupeza pafupifupi madola awiri. Mukagawanso K3,499 ndi K1,751, womwe unali mtengo wa dola kumabanki mu 2025, mupezanso madola awiri. Pa zaka 13 zimenezo, nambala ya pa mpope inachulukitsidwa kasanu ndi kawiri, koma kwa mwini mafuta wa kutsidya kwa nyanja mtengo unakhala pomwe unali. Chimene chafooka ndi ndalama ya m'thumba mwathu. Umboni wake tonse taugwira m'manja: K1,000 inatuluka mu 2012, K2,000 mu 2016, K5,000 mu 2022, ndipo iliyonse itangotuluka inkaoneka ngati ndalama yaikulu yovuta kusintha pagolosale.

Muyeso umene ife timaukhulupirira kwambiri ndi wa malipiro ochepetsetsa amene boma limakhazikitsa, chifukwa ndiwo amene mlonda, wogulitsa m'sitolo ndi wantchito wa kuesiteti amalandira. Mu 2020 anali K35,000 pamwezi, ndipo pa K690.50 ankagula malita 50. Mu Malichi 2021 anali K50,000, petulo ali K899.20: malita 55. Pofika Juni 2022 malipiro anali pomwepo pa K50,000, malita n'kutsika kufika 25. Mu Novembala 2023 anatsika kufika pafupifupi 20, ndipo apa ndi pamene panali pothina kwambiri. Malipiro atakwera kufika K90,000 mu Febuluwale 2024 anabwerera pa malita 35. Mu Juni 2025, pa K126,000, anayandikira 50, kenako mu Okutobala n'kugweranso pa 36. Wina anena kuti mlonda alibe galimoto. Inde alibe, koma amakwera minibasi kapena kabaza, amagayitsa pa chigayo cha dizilo kumudzi kwawo, ndipo sopo ndi mchere zimene amagula zinabwera pa lole.

Akuluakulu amakumbukira kale lina lakutali, la m'ma 1970, pamene kwacha inangobadwa kumene mu 1971, makwacha awiri akusinthana ndi paundi imodzi, kwacha imodzi ikuposa dola. Amanena zoona kuti munthu ankadzaza thanki ndi ndalama yochepa. Koma a galimoto masiku amenewo anali owerengeka pa boma lonse. Ambiri ankayenda pansi, panjinga, kapena kudikira basi ya kampani ya United Transport Malawi (UTM) imene inkadutsa kamodzi patsiku. Dziko linkafuna mafuta ochepa, choncho fodya, tiyi ndi shuga zinkakwanitsa kuwalipira. Ndipo mtendere umenewo sunakhalitse. M'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu n'kumazungulira ku Durban ndi Dar es Salaam, mtengo wonyamulira n'kukwera koopsa. M'nyengo yomweyo, mu 1982, ndi pamene ku Dwangwa anayamba kutcheza ethanol kuchokera ku molasesi, madzi akuda otsala popanga shuga, kuti tizisakaniza ndi petulo. Kwacha itamasulidwa mu 1994 inachoka pa makwacha anayi ndi theka pa dola n'kufika pafupifupi K15 chaka chisanathe.

Anthu ambiri sadziwa mmene mtengo wa lita umamangidwira, n'chifukwa chake mphekesera zimachuluka. Choyamba ndi mtengo wogulira mafuta oyengedwa kale kunja, m'madola. Pamenepo pamawonjezeredwa ndalama ya sitima yapamadzi ndi inshuwalansi kufika pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndalama yotsitsira ndi kusungira padoko, ndiyeno ndalama ya thankala yochokera kudoko kulowa pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe. Zonsezi zikaphatikizidwa n'kusinthidwa kukhala makwacha, zimapereka mtengo umene mafuta afikira m'dziko muno. Pamwamba pake ndi pamene pamabwera misonkho ya boma ndi timisonkho tapadera: ka misewu, ka magetsi a kumidzi a MAREP, ka kusungira mafuta m'nkhokwe, ka bungwe loona za miyezo ya katundu, ka MERA yomwe, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Pomaliza pali phindu la oitanitsa, la ogawa ndi la mwini malo omwetsera mafuta, lomwe limachita kuikidwa, samadziikira yekha. Oitanitsa akuluakulu ndi awiri: NOCMA ya boma ndi PIL ya makampani a mafuta.

Lamulo la kasinthidwe ka mtengo ndi losavuta kumva. Mwezi uliwonse MERA imayenera kuona mtengo wofikira muno uja. Ukasuntha ndi 5 peresenti kapena kuposa, kukwera kapena kutsika, mtengo wa pa mpope umayenera kutsatira. Ukasuntha pang'ono, thumba lapadera lokhazikitsira mitengo limameza kusiyanako: mafuta akatchipa thumba limadzaza, akadula limabweza kwa oitanitsa. Thumbali analipangira mafunde aang'onoang'ono. Vuto limabwera pamene mtengo wagwiridwa miyezi yambiri pomwe kunja zinthu zasintha. Kuyambira Novembala 2023 mpaka kumapeto kwa Seputembala 2025, pafupifupi miyezi 23, petulo anakhala pa K2,530. Woitanitsa akamagula lita pamtengo wokwera n'kuigulitsa motsika, thumba limauma, iye n'kuyamba kulembera ngongole. Ngongoleyo ikakula, ndalama zoyenera kupita ku misewu ndi ku magetsi a kumidzi zimayamba kutsekera dzenjelo, ndipo amene amamubwereketsa mafuta kunja amayamba kufuna ndalama patsogolo. Tsono thankala imene inkayenera kunyamuka ku Beira Lolemba imadikira mpaka ndalama zioneke.

Zotsatira zake tinaziona ndi maso. Mzere wa magalimoto kukhota pangodya n'kukathera kuseri kwa msika, madalaivala atagona pa mipando chitseko chili chotsegula, anyamata a kabaza akukankha njinga zawo mazanamazana atathinana ngati mbuzi padibi, wothira mafuta atakhala pa ndowa chifukwa mpope ulibe kanthu, aliyense akuyang'ana foni kuti amve komwe thankala yaoneka. Pamtunda wa mamita ochepa, mnyamata ali ndi chigubu cha malita asanu ndi fanulo yodula ku botolo, akugulitsa pamtengo wowirikiza kawiri kapena katatu. Pa chikwangwani panalembedwa K2,530, koma mtengo umene munthu wothamangira kuchipatala ankalipira unali wa mnyamata wa chigubu uja, kuwonjezerapo tsiku lathunthu la ntchito lothera pamzere. Mu 2011 zinalinso chimodzimodzi: kwacha inagwiridwa, fodya anagulidwa moipa, maiko otithandiza anaimitsa ndalama kazembe wa Britain atathamangitsidwa mu Epulo, mafuta anasowa, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julayi anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo. Petulo wa K290 ndi K380 amene ena amamukumbukira mokoma ndi wa chaka chimenecho. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a mtengo wogwiridwa ndi amenewa.

Muzu wake ndi ndalama zakunja. Dziko lino limamwa malita pafupifupi 1 miliyoni a petulo patsiku ndi enanso otero a dizilo. Pa thankala ya malita 35,000, ndiye kuti mathankala oposa 50 ayenera kuwoloka malire tsiku lililonse, Lamlungu lomwe. Kulipira zimenezi kumafuna madola pafupifupi 50 miliyoni pamwezi. Fodya yense wa mu 2023, msika wonse kuyambira kutsegulira mpaka kutseka, sanafike madola 300 miliyoni, omwe ndi mafuta a miyezi isanu ndi umodzi yokha, feteleza ndi mankhwala tisanaziwerengere. Nkhokwe za NOCMA za ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zimasunga malita 60 miliyoni zonse pamodzi. Zitadzaza mpaka pakamwa zingatisunge mwezi umodzi, koma kudzaza kwakeko kumafunanso madola.

Pali mbali ina imene tikufuna owerenga aigwire bwino, chifukwa apa ndi pamene osauka amaberedwa masana. Mafuta akangokwera usiku, m'mawa mwake chilichonse chakwera, ndipo yankho limakhala limodzi: “Mafuta akwera.” Tiyeni tiwerengere. Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600 a chimanga a makilogalamu 50. Itadzaza imayenda pafupifupi makilomita awiri pa lita. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre n'kubwerera ndi makilomita 620, malita 310, ndipo apa tawerengera mowolowa manja, ngati ikubwerera yopanda katundu koma ikumwa chimodzimodzi. Pa dizilo wa K2,734 ndi K847,540, thumba lililonse K1,413. Pa dizilo wa K3,500, mtengo wa mu Okutobala 2025, ndi K1,085,000, thumba lililonse K1,808. Kusiyana kwake sikufika K400 pa thumba. Wogulitsa amene wakweza thumba ndi K5,000 m'mawa umodzi n'kuloza mpope, K4,600 yotsalayo aifotokoze ndi chifukwa china.

Minibasi nayonso. Hiace yoyenda m'tauni imapita makilomita ngati 8 pa lita. Msewu wa makilomita 10, kuphatikizapo kulira kwa injini pa siteji poitanira anthu, umadya lita ndi theka. Petulo atakwera ndi K969 mu Okutobala 2025, ulendo umodzi unawonjezera pafupifupi K1,450. Ngati m'galimoto muli anthu 14, aliyense K104. Ngati pa avereji mumakhala anthu 10 chifukwa maulendo a masana sadzaza, K145. Kuti tinene mwachilungamo, mwini minibasi amagulanso matayala, oyilo, mabuleki ndi masipeya, zonse za madola, ndipo nthawi zambiri wa sitolo ya masipeya madolawo anawapeza pamtengo wa kunja kwa banki. Choncho akamakweza ndi K200 kapena K250 tingamve. Akakweza ndi K500 n'kusatsitsanso mafuta akatsika, monga zinkachitikira mu 2020 ndi kumapeto kwa 2022, wokwera ali ndi ufulu wofunsa.

Chimene chakweza chakudya kwambiri chili kumunda. Thumba la feteleza wa makuponi linali K500 kwa zaka zingapo, mu 2020 pa AIP, ndondomeko ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, linali K4,495, kenako K7,500, kenako K15,000, pomwe la m'sitolo linadzadutsa K100,000. Onjezeranipo namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya El Niño ya mu 2024, mupeza chifukwa chake kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga linadutsa K70,000 m'misika yambiri. Dizilo ali ndi gawo lake pamenepo, koma ndi laling'ono poyerekeza ndi feteleza ndi mvula.

Kwa amene ali ndi galimoto kapena njinga yamoto, tili ndi machenjezo ochokera ku zimene amakanika akukumana nazo kuyambira pamene mizere inayamba. Mafuta a m'zigubu amabwera ndi zinthu zitatu: madzi, mchenga ndi palafini. Petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi wa PressCane ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka madzi. Chigubu chikakhala chonyowa kapena chosatseka bwino, madzi ndi ethanol zimagwirana n'kukhazikika pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Galimoto imayamba kutsokomola, kuzima pa mphambano, kukana kulira m'mawa. Palafini mu petulo amachititsa injini kugogoda pokwera chitunda, amadetsa mapulagi ndipo utsi umanunkha nyali. Mu dizilo amachepetsa kuterera kumene pampu ndi mainjekitala zimadalira, ndipo pa injini zamakono kukonzetsa kwake kumaposa kutali ndalama imene munapulumutsa. Ngati mwakakamizika kugula, thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati n'kudikira mphindi zisanu: madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka. Donthezaninso pa pepala loyera. Petulo weniweni amauma msanga osasiya chizindikiro, wa palafini amasiya banga la mafuta. Pothira sefani ndi nsalu yoyera yothina, ndipo fyuluta ya mafuta muisinthe msanga osadikira nthawi ya sevisi.

Chizolowezi chothira lita imodzi kapena awiri, nyali ya mafuta ili chiyakire sabata yonse, chikupha mapampu ambiri. Pa magalimoto ambiri a masiku ano pampu ili m'kati mwa thanki ndipo imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo. Ikamagwira ntchito pouma imatentha, imayamwa zinyalala za pansi, n'kupsa. Ngati n'kotheka, muvi usamatsike kupyola kota. Ndipo chonde, zigubu za petulo zisamagone m'nyumba. Nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda pansi n'kukapeza mbaula kapena kandulo m'chipinda china.

Kupulumutsa mafuta kwenikweni kuli m'tinthu tosasangalatsa kumva. Mpweya wa m'matayala muziyeza sabata iliyonse matayala ali ozizira, motsatira nambala yolembedwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, chifukwa tayala lofooka limakoka galimoto m'mbuyo. Fyuluta ya mpweya m'nyengo ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala imatsekeka msanga. Pa msewu wa M1, kuyenda pa 80 kapena 90 m'malo mwa 120 kungakupulumutsireni malita atatu kapena anayi pa ulendo wa ku Lilongwe uja. Pamzere zimitsani injini. A kabaza aone tcheni kuti si cholimba kwambiri kapena chouma, asinthe pulagi ikada, ndipo akabureta isatsegulidwe mopitirira poganiza kuti njinga ikhala ndi mphamvu: njinga yoyenera kupita makilomita 40 pa lita imatsikira ku 30, ndipo pa makilomita 120 a tsiku limodzi imeneyo ndi lita yathunthu yotayika. Njira yodziwira zoona ndi imodzi: dzazani thanki, lembani makilomita, dzazaninso patapita masiku, gawani makilomita ndi malita amene alowa.

Kwa oyendetsa dziko pempho lathu ndi ili. Mtengo uzisintha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi monga lamulo likunenera, kukwera ndi kutsika komwe, kusiyana n'kuugwira zaka ziwiri kenako n'kutigwetsera 38 peresenti usiku umodzi. Banja lingathe kukonzekera K100 yowonjezera, koma K969 imaphwanya bajeti yonse. Malipiro ochepetsetsa aziunikidwa chaka chilichonse, chifukwa kuyambira Januwale 2021 mpaka Januwale 2024 anakhala pa K50,000 pomwe petulo anachoka pansi pa K900 kufika K2,530. Mafuta ambiri azibwera pa njanji ya Nacala kudzera pa Nayuchi ndi Liwonde, popeza sitima imanyamula motchipa kuposa thankala imene nayonso imamwa dizilo wogulidwa ndi madola ulendo wonse wa ku Dar es Salaam. Ethanol nayenso awonjezeredwe. Lita yake ili ndi mphamvu yocheperapo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a petulo, koma imalipidwa m'makwacha ndipo nzimbe zake amalima ndi anthu a ku Nkhotakota ndi Chikwawa.

Kwa inu a Mkonzi, tsiku limene mudzalengezenso mtengo watsopano, musadzangolemba nambala ya pa mpope ndi chithunzi cha mzere. Pambali pake mudzaikepo kabokosi kosonyeza makwacha angati pa lita apita kwa wogulitsa wa kunja, angati kwa onyamula, angati ku misonkho ndi timisonkho tija kamodzikamodzi, ndi angati kwa mwini malo omwetsera. Pansi pake mudzalembe malita amene malipiro ochepetsetsa akugula mwezi umenewo, ndi K100 kapena K150 imene ikuyenera kuwonjezeka pa mpando wa minibasi, kuti mayi wokwera pa siteji m'mawa mwake adzakhale ndi nambala yomuyankhira kondakitala.

Ndife,
Owerenga anu ogwira ntchito za mtengatenga ndi zokonza magalimoto,
Blantyre